Lata linandicheka padzanja, zala ziwiri zafa dzanzi, mtsempha amasoka?

Kalipentala_wa_Mbayani:
Abale thandizeni nzeru. Masabata atatu apitawa ndikukhoma denga lata linanditema pomwe timavala wotchi, mbali ya chala chaching'ono. Kuchipatala chakwathu anangosoka khungu nkundipatsa panado basi, bala lapola bwinobwino koma chala chaching'ono ndi theka la chinzake chovala mphete sizikumva kanthu, dzulo ndapsa ndi poto osadziwa mpaka madamu ndi amene aona chithuza. Ndidikire zibwerera zokha?

Achimwene_a_Fizo:
Achimwene musadikire. Zala zimenezo zimamva kudzera mu mtsempha wotchedwa ulnar nerve, osati wa magazi koma wonyamula mauthenga, ndipo ukaduka wonse sulumikizana wokha bwinobwino. Amausoka ku fiyeta ndi ulusi woonda kuposa tsitsi akuyang'ana pa maikulosikopu. Vuto lochedwa ndi loti nsonga ziwirizo zimathawana, ndiye nthawi zina amachita kudula kamtsempha kena kumwendo, sural nerve, nkuikapo ngati mlatho, phazi limatsala ndi kadzanzi chammbali koma mumayenda bwinobwino. Komanso minofu ya mdzanja ikakhala chaka kapena chaka ndi theka opanda mtsempha imafota osadzukanso, zala nkupindika ngati zikhadabo za kabawi. Pemphani kalata akutumizeni kwa madokotala a mafupa ku Queens, sabata ino.

Mayi_a_mapasa:
Aaa pepani bambo. Amuna anga zinawachitikira ndi chikwanje, anawasoka nkuwamanga dzanja masabata atatu. Chomwe ndingakuuzeni mtima muuike mmalo, ife tinkaganiza akachoka ku fiyeta basi zatheka koma ayi ndithu, adokotala anatiuza mtsempha umamera pafupifupi milimita imodzi patsiku ndiye werengani nokha kuchoka pabalapo kukafika kunsonga kwa chala, ndi miyezi. Ankawagogoda pamkono iwo nkumamva ngati shoko ya magetsi, mwezi uliwonse shokoyo ikumveka chakutsogoloko, akuti ndiye kuti ukumera. Mpaka pano batani la malaya limawavutabe pang'ono koma khasu akugwira. Za moto samalani, kumbaula ankakhala kutali.

Kalipentala_wa_Mbayani:
Zikomo nonse. Nanga hamala ndiyambanso liti kugwira? Ana sukulu fizi ikudikira.

Achimwene_a_Fizo:
Zimenezo akakuuzani akaona ngati ma tendon, tizingwe tolumikiza minofu ndi mafupa, nawo sanaduke, pamalo amenewo amadukira limodzi kawirikawiri. Ngati mumasuta fodya yambani mwasiya, amachedwetsa kupola. Mawa mmawa kalata ija.