Reading yapeza mwini watsopano

Ndinafunsa kale ngati timu ya mpira wamiyendo ya Reading, ya ku England, ingapulumuke m'manja mwa mwini wake wa nthawi imeneyo, Dai Yongge, ndipo ambiri munandiyankha kuti ikupita kumanda. Lero ndabwera ndi nkhani yopatsa chiyembekezo.

Mu May 2025 Dai anagulitsa timuyi kwa Rob Couhig, loya wa ku America yemwe anali mwini wa Wycombe Wanderers. Bwalo lamasewero ndi malo okonzekerera masewero a Bearwood zalowa m'malondawo, ndipo ichi ndicho chandikhazika mtima pansi, chifukwa timu yopanda bwalo lake imakhala ya lendi mpaka kalekale.

Komabe mabala ndi akulu. Chiyambire 2017 pamene Dai anaigula, Reading inalandidwa mapointi 18 chifukwa chophwanya malamulo a ndalama komanso kuchedwa kulipira malipiro ndi misonkho. Mu 2023 inatsika kupita ku League One, ligi yachitatu ku England. Timu ya amayi inachotsedwa mu Championship, ligi yachiwiri ya mpira wa amayi. Pokwiya ndi Dai, ochemerera anachita kulowa m'bwalo mu January 2024, masewero ndi Port Vale n'kuthera panjira.

Chimene ndikupempha Couhig n'chakuti asafulumire kugulitsa anyamata a ku akademe, pakuti ndiwo anainyamula timuyi pa nthawi yovutayi.