Madontho anayi pa gamma-tubulin: ndilembe chiyani?

Tembo: Akuluakulu, thandizeni. Ndapaka antibodi younikira gamma-tubulin, puloteni yopezeka pa centrosome (kachigawo ka selo kothandiza kukoka makromosomu selo likamagawikana), pa maselo a khansa ya khomo la chiberekero, ndipo ambiri akuonetsa madontho atatu kapena anayi. Ndilembe kuti ma centrosome achuluka, kapena antibodi yaonongeka? Firiji yathu imavutika magetsi akathima.

Mayi Phiri: Musafulumire kulemba, a Tembo. Onjezani centrin, puloteni yoonetsa ma centriole. Centrosome yeniyeni imakhala ndi ma centriole, timachubu ting'onoting'ono, m'kati mwake. Dontho lopanda centrin likhoza kukhala kachidutswa chabe. Pakaninso maselo abwinobwino pambali. Mu G1, selo lisanayambe kukopera DNA, muyenera kuona centrosome imodzi; S, gawo lokopera DNA, ikatha ziwiri, basi. Nawonso akaonetsa anayi, vuto ndi antibodi.

A Zulu: Zoona amayi, koma ine sindingadabwe zikapezeka zenizeni. Khansa imeneyi pafupifupi yonse imachokera ku kachilombo ka HPV, makamaka mitundu 16 ndi 18. Puloteni ya kachilomboka ya E7 imagwira pRb yoletsa selo kugawikana, E2F yomwe pRb imamanga n'kumasuka, cyclin E ndi CDK2 zofulumizitsa kugawikana n'kukwera, ndipo centriole imodzi imabala ana angapo nthawi imodzi m'malo mwa mmodzi. E6, puloteni inanso ya kachilomboka, nayo imaphwanyitsa p53, puloteni yoimitsa selo lomwe lalakwika, ndiye p21 yoletsa CDK2 imasowa. Fukasawa ndi anzake anaonetsa mu 1996 kuti maselo a mbewa opanda p53 amachulukitsa ma centrosome. Selo lotere pogawikana limakokera makromosomu mbali zitatu, zomwe wasayansi wa ku Germany, Boveri, ankaganiza kale mu 1914 kuti zingayambitse khansa.

Tembo: Zikomo. Ndayang'ananso, ena mwa maselowo ali ndi manyukiliyasi awiri. Ndiwaphatikize?

Mayi Phiri: Ayi ndithu, apa mpamene ambiri amasokoneza. Amenewo sanapange ma centriole owonjezera. Analephera kudukana pomaliza kugawikana, n'kusunga ma centrosome onse awiri, kenako n'kuwachulukitsanso mu S yotsatira. p53 ikanakhalapo ikanawaimitsa mu G1. Njira ndi ziwiri zosiyana, ngakhale pa maikulosikopu zikuoneka ngati chimodzi. Puloteni ya Cep170 imasiyanitsa bwino chifukwa imakhala pa centriole yokhwima yokha: imodzi ikawala pakati pa ambiri, kwachitika kubala mopitirira, zikawala zingapo, ndi kuunjikana.

A Zulu: Cep170 kuitanitsa kuti ifike muno mu Lusaka si za sabata ino. Pakadali pano werengani a nyukiliyasi imodzi paokha, a ziwiri paokha, ndipo mulembe chiwerengero cha maselo onse amene mwayang'ana.

Tembo: Centrin ndilibe. Alipo amene angandigawireko pang'ono?

Mayi Phiri: Ndili nayo kuno ku kampasi ya Ridgeway ya University of Zambia. Bwerani mawa m'mawa ndi kabokosi ka ayisi, ndipo mubweretse silaidi imodzi tiione limodzi.