Gasi wa eyakoni akungotha pa masabata atatu, akuthawira pati?

Bambo a Chiko, Mtendere:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Toyota Vitz ya 2010 imene ndimanyamulira anthu ngati takisi. Mu September ndinathiritsa gasi wa eyakoni, inkazizira bwinobwino. Patapita masabata atatu inayamba kutulutsa mpweya wofunda. Ndinathiritsanso, zomwezo. Dzuwa la October mukulidziwa. Dzulo titaima pamdipiti wa magalimoto pa Great East Road, chakufupi ndi Manda Hill, mayi wina anali kumbuyo ndi khanda, likulira thukuta lili kamukamu, mpaka anatsika asanafike komwe amapita. Zinandiwawa kwambiri. Komanso ndikaimika galimoto pansi pamadontha madzi. Kodi pamenepo ndi pomwe pakuchucha?

Mdala wa ku Matero:
Achimwene, madziwo asakudetseni nkhawa. Ndi chinyezi cha mumpweya chimene chimasanduka madzi eyakoni ikamaziziritsa, nkumatuluka pakapaipi kake. Vuto ndi gasiyo. Gasi satha ngati petulo, amangozungulira m'mapaipi otsekeka. Akatha ndiye kuti penapake pabooka, ndipo kumangothira kuli ngati kutunga madzi ndi lichero.

Tsegulani boneti muyang'ane kondensa, ija ili kutsogolo kwa rediyeta. Gasi amayenda ndi mafuta a kompuresa, pampu imene imamukankha m'mapaipimo, choncho pomwe akuthawira pamaoneka banga lamafuta litamata fumbi lakuda. Timiyala ta m'misewu yathu ya m'makomboni timaboola pamenepo kawirikawiri. Onaninso molumikizira mapaipi, muli timphira tozungulira timene timauma nkung'aluka, ndiponso timavavu tothirira gasi, tofanana ndi ta tayala. Pakani thovu la sopo, pochucha pamatuluka tithovu tina.

Mukapanda kuona kanthu, makanika apope nayitirojeni, aone ngati singano ya geji ikutsika, kapena athire utoto uja umawala ndi tochi ya UV. Akakonza, asinthe ndi draya yomwe, kachipangizo kochotsa chinyezi mu gasi, akoke mpweya ndi vakyumu pampu kwa mphindi 30 kapena kuposa, kenaka athire gasi poyeza pasikelo. Magalamu ake analembedwa pasitika pansi pa boneti. Wothira mongoyerekeza m'maso ine sindimukhulupirira.

Amake Natasha, Chilenje:
Yanga ndi Allion, inandivutitsa chimodzimodzi chaka chatha. Kutsogolo kunalibe banga lililonse, bowo linapezeka pa evaporator, chipangizo chimene chimaziziritsa mpweya, mkati mwa dashibodi. Anachita kumasula dashibodi yonse, galimoto inagona kugalaja masiku awiri. Abambo, chonde muone ndi maso anu botolo limene akuthiralo, lilembedwe R134a, gasi woyenera galimoto yanuyo. Ena amathira gasi wa mafiriji ena a m'nyumba kapena wophikira poti ngotchipa, koma ameneyo amayaka moto, ndipo inu mumanyamula ana a eni.

Bambo a Chiko, Mtendere:
Amdala, munalasa. Banga ndalipeza pakona yakumunsi ya kondensa, fumbi litamata ngati phala, thovu la sopo likuchita kutukusira. Ndagula kondensa ina, mawa m'mawa ndikukamangitsa. Amayi, zikomo, botolo ndikaliwerenga ndekha. Nanga kompuresa inasiya kugunda kuti "tha" ndikayatsa eyakoni, yafa nayonso?

Mdala wa ku Matero:
Mwina ayi. Pali kaswitchi kamene kamaletsa kompuresa kuzungulira gasi akachepa kwambiri, kuti isapse. Akathira mudzaimva ikugwira. Ikakana, ayambe aona fyuzi ndi rileyi musanagule china chilichonse. Ndipo m'nyengo yozizira ya June ndi July muziiyatsako mphindi 10 pa sabata, mafuta azifika ku timphira tija tisaume.