Ovaova ikulira ngati udzudzu ndikaliza injini

Wa ku Kawale: Akuluakulu ndithandizeni, lero ndi tsiku lachitatu. Ndamanga ovaova ya Motorola DM1400 ya VHF mu Land Cruiser ya 12V, ya kampani ina ya alonda. Injini ikakhala yozima mawu akumveka mbee. Ndikangoliza, kakubwera kaphokoso ngati udzudzu, ndikaponda moto kakukwera. A ku base akuti nawonso akukamva ndikamalankhula. Moto ndatenga ku batire, fyuzi ili pafupi ndi terminal, negative ndamanga pa bawuti ya mpando. Eriyo ili pa bull bar, waya wa eriyo ndi coax ya RG58. Galimoto akuifuna Lachisanu.

Madala a ku Limbe: Negative ipite ku batire. Basi.

Wa ku Mzuzu: Phokoso lotsata ma rev ndi alternator, achimwene. Musathamangire kugula filter. Ikani meter pa AC, muyeze pa batire injini ikulira. Diode imodzi ya mu alternator ikafa, batire imachajabe koma moto wake umakhala wakuda. Nanga pa bawutiyo munapala penti?

Wa ku Kawale: Sindinapale, ndinangomanga.

Wa ku Zomba: Madala, ndi ulemu wonse, zimenezo zinandiwotchera ntchito ine. Ndinamanga negative ku batire pa pikapu ina, osadziwa kuti earth strap, waya wonenepa wolumikiza negative ya batire ku bodi ndi injini, yadyeka ndi dzimbiri. Dalaivala atangoliza, moto wa sitata unasowa njira n'kudutsa mu wayilesi ndi mu coax. Utsi tolo pansi pa dashboard, pulasitiki ya RG58 kusungunuka mpaka kumatirira pa kapeti. Ndinalipira ndi ndalama za m'thumba mwanga. Ngati mukupita ku batire, negative nayonso ikhale ndi fyuzi yake.

Madala a ku Limbe: Linali vuto la strap limenelo, osati la waya wanga. Mawayilesi a Codan ndamanga kuyambira inu muli kusukulu. Ku batire.

Wa ku Mchinji: Palibe amene wafunsa za SWR, muyezo wa mphamvu imene eriyo ikubweza ku wayilesi? Bull bar yapenti siipereka ground yabwino, ndiye eriyo ili m'munsi, kabini ikuitchinga. Eriyo ya quarter wave ya 150 MHz ndi pafupifupi masentimita 50, malo ake ndi pakati pa denga. SWR ikafika 3 musadinenso PTT, batani lolankhulira, muphetsa PA, gawo lokuza mphamvu ya wayilesi.

Wa ku Kawale: Mwiniwake wakana kuboola denga. Meter ya SWR anabwereka mnzanga, ali ku Salima.

Wa ku Mchinji: Ndiye musaipereke galimotoyo musanayeze, chonde. Ikakapsa kumeneko dzina loipa ndi lanu.

Wa ku Mzuzu: Onaninso kumene coax yadutsa. Ikagona limodzi ndi mawaya a alternator imatola zonse. Tima charger ta USB totchipa ndi ma LED bar muzulenso kaye, ine kena kanandidyera tsiku lathunthu.

Madala a ku Limbe: Zonsezo ndamva. Koma bawuti ya mpando si earth. Kokani waya wonenepa mpaka ku batire muone.

Wa ku Zomba: Wina anabwera kwanga ndi lole ya 24V, wayilesi atailumikiza pa batire imodzi m'malo mogula converter. Pasanathe nthawi mabatire onse awiri anatha. Eni magalimotowa samva.

Wa ku Mchinji: Paja ma frequency munaikamo ndi a pa laisensi yawo ya MACRA? Muone pepalalo ndi maso anu, osangomva zapakamwa.

Wa ku Mzuzu: Achimwene a ku Kawale, AC ija mwapeza zingati?