Konsultanti akufuna K2.5 miliyoni, tilipire kapena ayi?

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Bambo uja wa ku Blantyre anabwera Lachiwiri watumiza mtengo wake. Akuti K2.5 miliyoni kuti alembere gulu lathu la alimi a mkaka pulani ya bizinesi ya zaka zisanu, theka poyamba, theka akamaliza. Apampando ati tiyambe kukambirana pano tisanakumane Loweruka.

Anaphiri: Ndalama yonseyo kugula mapepala? Mwezi watha mkaka unasasa kawiri m'thanki yoziziritsira magetsi atazima, galimoto ya kampani yogula mkaka inabwerera yopanda kanthu. Jenereta ili gone chiyambire Epulo. Tikonzetse jeneretayo, yotsala tigule madeya.

Bambo a Tadala: Mayi, ndakumvani, koma mapepalawo ndi amene amabweretsa ndalama yaikulu. Ku AGCOM, pulojekiti ya boma yothandiza magulu a alimi pa ulimi wa bizinesi, sapereka thandizo kwa gulu lopanda pulani. Iwo amaika 70 peresenti, gulu 30 peresenti, ndipo gawo lina la 30 imeneyo likhoza kukhala njerwa, mchenga ndi ntchito ya manja athu. Sola yoyendetsa thanki sitingaigule ndi zosonkhasonkha za pamwezi.

Anaphiri: Nanga akakana? Bamboyo atibwezera?

Mlembi: Ndinafunsa. Akuti iye amalipidwa polemba, kuvomereza ndi kwa eni ndalama.

Achimwene a ku Goliati: Ine ndinali m'komiti ya gulu lina mu 2023. Tinalipira munthu, anatibweretsera buku lokongola lachikuto cholimba, masamba oposa makumi asanu, Chingerezi chokhachokha. Patsamba lina munali dzina la gulu la kwina, anaiwala kufufuta. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mitengo yonse ya m'bukumo inasanduka nthano. Likadali m'kabati mpaka lero, mwina chiswe chikuliwerenga.

Bambo a Tadala: Ameneyo anali kamberembere, si onse ali choncho.

Msungichuma: Ndilankhuleko monga wogwira mabuku. Konsultanti akabwera adzafunsa kuti pamwezi timatolera malita angati, angati amakanidwa chifukwa cha madzi, angati chifukwa chosasa, lita imodzi imatidyera zingati pa magetsi, alonda ndi otsuka zigubu. Mayankho amenewa tilibe. Kaundula wa chaka chatha ali ndi miyezi itatu yosalembedwa, ngongole za madeya ena anangotenga pakamwa. Akapeza mipata imeneyi adzalemba manambala a m'mutu mwake, ife n'kusainira. Vuto lathu ine ndikuliona pa sikelo ndi pa lactometer, kachipangizo koyezera ngati mkaka wathiridwa madzi, m'mamawa uja, pomwe woyeza amachitira manyazi kubweza mkaka wa azakhali ake.

Anaphiri: Apo mwalasa. Ndipo ena amene amathira madzi ali pagulu pompano, angokhala chete.

Apampando: Mayi Phiri, chonde tisatchulane. Ine mantha anga ndi ena. Mkaka wathu wonse umapita kwa wogula mmodzi, iye ndi amene amanena mtengo. Magulu ena ayamba kuganiza zopanga chambiko ndi yogati okha, msika wa Bvumbwe ndi Limbe uli pafupi. Kuti tidziwe ngati zingatipindulire pafunika munthu wodziwa kuwerengera, ndipo pakati pathu palibe. Tinaona nthochi zitatha ndi chisaka kuno ku Thyolo, amene ankadalira nthochi zokha anagwira njakata.

Msungichuma: Ndiye timulipire pa funso limenelo lokha, masiku awiri kapena atatu, akhale nafe pansi m'Chichewa, osati akalembere ku ofesi kwake. Za zaka zisanu zidikire mabuku akhale bwino.

Achimwene a ku Goliati: Atipatsenso manambala a magulu awiri amene anawalembera, tiwaimbire tokha. Komanso wina apite kwa alangizi ku EPA, ofesi ya zaulimi ya m'dera lathu, ndi ku SHMPA, bungwe la alimi a mkaka kuno kummwera, akafunse ngati sangatithandize kuyambapo popanda kulipira.

Bambo a Tadala: Ine ndikuonabe kuti tikuchedwa, koma chabwino. Ku EPA ndipita ndine Lachinayi.

Mlembi: Ndamulembera kuti atipatse mtengo wa masiku atatu ndi manambala aja. Wawerenga, sanayankhe. Amakanika a jenereta akuti tiwatumizire kaye ya thiransipoti, Msungichuma mwamva?