N'chifukwa chiyani katswiri wa NWA ankapereka chikole?

Funso: Akuluakulu, ndinamva kuti kale katswiri wa masewera ogwetsana ku NWA (National Wrestling Alliance, bungwe la masewerawa la ku America) ankasiya ndalama asanalandire lamba. Kodi cholinga chake chinali chiyani?

Yankho loyamba: Ankapereka chikole cha madola 25,000. Popeza atsogoleri a bungweli ndiwo ankagwirizana mseri za munthu wodzapambana, ndalamazo zinkamumanga katswiriyo kuti asadzakane kugonja tsiku lake likakwana.

Yankho lachiwiri: Zimanenedwa kuti Buddy Rogers, amene anali katswiri wa NWA panthawiyo, anaopsezedwa kuti alandidwa chikole chomwechi asanagonje kwa mnzake Lou Thesz ku Toronto, m'dziko la Canada, mu 1963.

Yankho lachitatu: Musaiwale katswiri wina, Ric Flair, amene mu 1991 anachoka ku WCW (kampani ya masewerawa yomwe inali m'bungwe la NWA) n'kupita ku WWF (kampani yopikisana nayo) atanyamula lambayo, ponena kuti chikole chake sanam'bwezere. Mkangano utakula, WWF inayamba kuphimba lambayo pa wailesi ya kanema.