Ulendo wa sukulu wa ku Joni: timulole mwanayu?

Mayi ake: Mwaswera bwanji nonse. Kalata ya kusukulu ija yafika. Ana a Fomu 3 akupita ku Johannesburg pa holide ya Ogasiti, masiku 7, ana 32 ndi aphunzitsi atatu. Akufuna yankho ndi theka la ndalama pofika kumapeto kwa mwezi uno. Mwini wake mtima wapita kale, koma zaka 15 ndi mwana ndithu. Ndithandizeni maganizo.

Malume aakulu: Achemwali, tisanakambe za ndalama, apita pa chiyani? Basi kapena ndege?

Mayi ake: Alemba kuti makolo asankhe pa msonkhano wa Loweruka. Basi ndiyo yotsika mtengo.

Malume aku Joni: Pamenepo ndiye pali nkhani yonse. Kuchoka ku Blantyre pa basi ndi makilomita pafupifupi 1,700. Atulukira pa Mwanza, kulowa Mozambique pa Zobue, kudutsa Tete, kutulukira pa Cuchamano, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako Harare mpaka Beitbridge. Maboda atatu, paliponse kutsika, kufola, kudinditsa potuluka ndi polowa. Zidindo 6 popita, 6 pobwera. Ulendo wake ndi tsiku ndi theka, ndipo Beitbridge ikadzaza mumatha maola ambiri muli panja, nthawi zina usiku, kukuzizira. Aphunzitsi atatu kuwerenga ana 32 pamalo ngati amenewo, pomwe basi iliyonse ikufanana ndi inzake, ine sindikuvomereza. Pa ndege kuchokera pa Chileka ndi maola awiri ndi theka basi, boda imodzi, pabwalo la ndege la OR Tambo ku Joni.

Malume aakulu: Ndiye kuti pa masiku 7 aja, atatu athera mumsewu.

Malume aku Joni: Eya. Mwalipira sabata, mwana waona masiku anayi, wotopa.

Azakhali: Alamu, Loweruka musakangomvetsera. Mukafunse izi ndipo ayankhe polemba, osati pakamwa. Mwa aphunzitsi atatuwo aakazi ndi angati, ndipo akagona pafupi ndi zipinda za atsikana? Mphunzitsi mmodzi asapose ana 10, choncho pa ana 32 pafunika anayi, chifukwa mwana mmodzi akadwala mphunzitsi mmodzi amatsala naye kuchipatala, otsalawo n'kuchepa. Dzina ndi keyala ya malo ogona. Angati m'chipinda. Ndondomeko ya tsiku lililonse, makamaka ngati pali nthawi yoti ana aziyenda okha m'mashopu. Komanso ulendo ukalephereka, ndalama zibwezedwa zingati? Apa ndi pomwe makolo ambiri amalirira. Ndalama ikalowe ku akaunti ya sukulu ndi lisiti, osati pa nambala ya foni ya mphunzitsi kapena ya munthu wokonza maulendo.

Bambo ake: Achemwali mwanena zoona. Ine nkhawa yanga ndi mapepala. Pasipoti alibe.

Malume aakulu: Alamu, yambani mawa. Poti sanakwane zaka 16 alibe chitupa cha unzika, ndiye maziko ake ndi setifiketi ya kubadwa ya ku NRB. Ngati mulibe, pitani ku ofesi ya DC ndi zitupa zanu nonse awiri. Ikatuluka ndiye mupite ku Immigration ndi mwanayo, poti amamujambula komweko. Chomwe chimagwetsa anthu ndi kalembedwe ka dzina. Pa setifiketi, pa pasipoti, pa tikiti ndi pa mndandanda wa sukulu lifanane chilembo ndi chilembo, ndi tsiku lobadwa lomwe. L m'malo mwa R, kapena dzina lapakati kusowa pa tikiti, zikhoza kumutsitsa pabwalo la ndege. Musadikire Julayi. Mukumbuke kumayambiriro kwa 2024 pomwe kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo, anthu maulendo n'kuwafera m'manja.

Bambo ake: Nanga viza?

Malume aku Joni: Palibe. Mmalawi amalowa kuno ngati mlendo mpaka masiku 30 popanda viza. Pasipoti ikhale ndi masamba opanda kanthu, yatsopano ilibe vuto pamenepo. Koma za ana kuno amakhwimitsa. Malamulo a 2015 ankafuna setifiketi ya kubadwa ndi chilolezo cha makolo kwa mwana aliyense. Mu 2019 anafewetsa kwa ana akunja, koma a ndege ndi a paboda ali ndi mphamvu yofunsa akaona mwana ali ndi munthu yemwe si kholo lake. Choncho anyamule zonse: setifiketi ya kubadwa, kalata ya chilolezo yosainidwa ndi makolo onse awiri pamaso pa loya kapena majisitireti, makope a zitupa zanu, manambala anu a foni, ndi kalata ya ahedi yokhala ndi mayina a ana onse ndi aphunzitsi owaperekeza. M'kalata ya chilolezo mulembe dzina la mphunzitsi, masiku a ulendo ndi komwe akagone.

Azakhali: Ndiwonjezere. Makope atatu a pepala lililonse: amodzi kwa mphunzitsi, amodzi m'chikwama cha mwana, amodzi kunyumba, ndi zithunzi zake pa gulu lino. Mapasipoti enieniwo azisunga mphunzitsi, aziwapatsa pa boda pokha. Pasipoti ikatayika, ndi lipoti la polisi kenako ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria kapena ya ku Johannesburg kukatenga chikalata chobwererera, ndipo kope ndi lomwe limafulumizitsa.

Mayi aang'ono (anesi): Achemwali, za mphumu yake musazibise pa fomu poopa kuti amusiya. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, Ogasiti mpweya ndi wouma, wozizira komanso wafumbi, zomwe zimadzutsa mphumu. Atenge mainhela awiri, imodzi m'thumba mwake, ina kwa mphunzitsi, zonse m'chikwama cha m'manja osati chopita pansi pa ndege. Mankhwala akhale m'mabokosi ake, ndi kalata ya dokotala yotchula dzina la mankhwala ndi mlingo wake.

Chachiwiri ndi malungo. Ku Johannesburg kulibe malungo, koma iye akhoza kunyamula a kuno. Udzudzu ukamuluma sabata imodzi kapena ziwiri asananyamuke, kutentha thupi kukayambira komweko, ndipo poti ndi nyengo ya chimfine wina akhoza kungomupatsa panado. Mphunzitsi auzidwe kuti mwana aliyense akatentha thupi akayezedwe malungo tsiku lomwelo, ndipo auze adokotala kuti wachokera ku Malawi. Sabata zomalizazi azigona mu neti mosadumphitsa.

Mayi ake: Nanga katemera wa yellow fever uja?

Mayi aang'ono (anesi): Akauluka molunjika kuchoka kuno sawufuna. Koma sukulu ikasankha tikiti yozungulira ku Nairobi kapena Addis Ababa, n'kukhala pabwalo maola oposa 12, kakhadi kachikasu kadzafunika, ndipo katemerayo amabayidwa masiku osachepera 10 ulendo usanachitike. Funsani njira ya ndege msanga. Inshuwalansi nayo muiwerenge nokha. Ikhale yolipira chipatala, ambulansi ndi kumubweza kuno, ndipo muone ngati ikuvomera matenda omwe mwana anali nawo kale, chifukwa zambiri zimakana pokhapokha mutaulula polembetsa. Zipatala zolipira kumeneko zimafuna umboni wa ndalama asanamugoneke.

Agogo: Ana inu, ine ndikumva zonse. Koma akukaona chiyani chomwe chikuposa kukhala pakhomo kuwerenga? Chaka chamawa ndi mayeso a Fomu 4.

Azakhali: Amayi, n'chifukwa chake chaka chake ndi chino, chamawa sizingatheke. Pa ndondomeko pali Apartheid Museum, Constitution Hill, Soweto komwe kuli chikumbutso cha Hector Pieterson cha ana asukulu omwe anawomberedwa pa 16 Juni 1976, ndi Sci-Bono ya sayansi ku Newtown. Za tsankho la ku South Africa amaziphunzira m'kalasi, ndipo mwana yemwe waima pamalopo amazimvetsa mosiyana ndi woloweza manotsi. Ine ndikuti apite.

Agogo: Chabwino. Koma foni yake izilira tsiku lililonse.

Malume aku Joni: Izilira, amayi. Roaming ya TNM kapena Airtel imadya mayunitsi ngati moto, ndiye azigwiritsa ntchito WhatsApp pa Wi-Fi ya komwe akugona, 7 koloko madzulo, nthawi yathu ndi imodzi. Simu ya kuno imafuna kulembetsa ndi pasipoti ndi keyala, imeneyo ndigulira mphunzitsi ineyo kuti tikhale ndi nambala imodzi yodalirika. Soketi zambiri za kuno ndi za mano atatu ozungulira aakulu, tchaja ya kwathu silowa, adaputa ndimupatsa pabwalo la ndege. Manambala anga, a makolo ndi a malo ogona alembedwe pa kapepala m'thumba, foni ikhoza kubedwa kapena kuzima. Polisi ndi 10111, pa foni ya m'manja 112 imagwiranso. Foni isamatuluke mumsewu, ndipo wina akati ndine Mmalawi mnzako tiye ndikuonetse, asatsatire. Asanyamulire munthu aliyense katundu, ngakhale kaphukusi kakang'ono. Zovala: jekete yochindikala, majuzi awiri, chipewa, masokosi, mafuta a milomo. M'mawa kuno kumatsika mpaka pafupi ndi ziro.

Malume aakulu: Za ndalama. Ngati sukulu yalemba mtengo mu madola, ifotokoze kuti tilipira pa mtengo wa tsiku liti. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023, ndiye gawo lachiwiri likhoza kukwera tili m'tulo. Ndi bwino kulipira yonse msanga, tikalandira mayankho aja. Ndalama ya m'thumba ku banki amafuna pasipoti ndi tikiti, ndipo randi siipezeka tsiku lomwe mwaifuna.

Malume aku Joni: Ya m'thumba isiyeni kwa ine, musavutike ndi mizere. R150 patsiku ikwanira poti chakudya chili mu mtengo wa sukulu. Ndipereka kwa mphunzitsi, azimupatsa m'mawa uliwonse.

Bambo ake: Zikomo alamu. Ndiye tinene chonchi: apita ngati ndi pa ndege, ngati aphunzitsi akhala anayi kuphatikizapo aakazi awiri, komanso ngati inshuwalansi ikuvomera mphumu. Ikakhala basi, sapita, ndipo tikambirana naye ife eni ake.

Malume aakulu: Ndavomera. Ine nditenga gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama ya sukulu, komanso ndalama ya pasipoti. Alamu, NRB mawa m'mawa.

Azakhali: Loweruka ndikuperekezani, alamu. Mafunso aja ndiwalemba pa pepala usiku uno.

Mayi aang'ono (anesi): Mubwere naye Lachinayi kuti adokotala amuone chifuwa n'kulemba kalata ija. Mutenge buku lake la kuchipatala ndi inhela yomwe akugwiritsa ntchito panopa.

Mayi ake: Zamveka. Theka la ndalama silichoka mpaka mayankho a Loweruka afike pa gulu pano.